Mwala woyamikira umene unaitana maliro

Mukadzafika kwathu kwa Dambe n'kupeza mbuzi imodzi yokha m'khola mwanga, musadzafunse kumene inzake inapita. Inadyedwa pa maliro a munthu amene mpaka lero ali moyo, ndipo m'mawa womwe uno wandikalipira chifukwa chosiya khasu pamvula.

Chaka chatha akazi anga, a Nambewe, anadwala kwambiri. Anawapeza ndi chotupa m'mimba. Tsiku la opaleshoni ndinakhala panja pa chipatala, ndipo sindibisa, ndinalira. Ndinauza Mulungu kuti akandibwezera mayi ameneyu sindidzaiwala. Anandibwezeradi, wathunthu, ndi pakamwa pake pomwe.

Patapita masabata angapo, abusa athu analalikira kuti anthufe timaiwala msanga. Anati anthu a Mulungu akale atawoloka mtsinje anaimika miyala, kuti ana akadzafunsa adzawafotokozere zimene Ambuye anachita. "Nanunso pezani kanthu kooneka ndi maso kokukumbutsani," anatero, "ngakhale kamwala kakang'ono." Mawu akuti kakang'ono ine sindinawamve (makutu anga amasankha zolowa).

Anzathu anachita mwaulemu. Mayi wina anapachika pakhoma chitsononkho cha chimanga chimene chinawapulumutsa chaka cha njala. Wina anamanga kansalu pa njinga imene anagwa nayo osathyoka. Koma a Zimba, mkulu wa mpingo amene timapikisana naye kuyambira pa kuimba besi mpaka pa kukula kwa masamba a fodya, anabweretsa chimwala pa ngolo n'kuchipaka laimu, ati pokumbukira kuti moto wa kutchire unalambalala chigafa chawo. Mtima unandiwawa. Chigafa chabe chimwala chonsecho, nanga ine amene ndinabwezeredwa mkazi?

Mwayi unapezeka a Nambewe atapita kwa Zulu ku msonkhano wa amayi a mpingo wa sabata yathunthu. Ndinati akadzabwera adzapeze zodabwitsa. Ndinakwera njinga mpaka kwa Kamwendo, kwa mmisiri wina wa simenti amene anthu amamutama. Sindinafunse kuti amamutamira ntchito yanji. Ndinangomuuza kuti ndikufuna mwala wokumbukira akazi anga, wokongola, woti wodutsa aliyense aime.

"Dzina lawo?" anafunsa. Ndinamuuza.

"Tsiku?" Ndinamuuza tsiku la opaleshoni.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Pepani kwambiri, bambo."

"Zonse ndi Mulungu," ndinayankha, ndikudabwa kuti kudakali amisiri achifundo chotere.

Anabwera nadzamanga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira. Chinthucho chinatuluka chachitali chogona pansi, kumutu kuli mwala woimirira, pamwamba mtanda, m'munsi dzina ndi tsiku. Kunena zoona, kutalika kwake kunali kwa a Nambewe atagona chagada. Kamtima kena kanandinong'oneza kuti ichi ndinachionapo kwinakwake, koma nditayerekeza ndi chimwala cha a Zimba, kamtimako ndinakakhalitsa chete. Ndinadzalanso maluwa mozungulira n'kuthira mchenga woyera.

A Zimba atabwera kudzaona anazungulira kawiri, manja kumbuyo. "Zakongola, achimwene. Koma mayi akudziwa?"

"Nsanje sipindula, akulu," ndinatero.

M'mawa uliwonse ndinkagwada pamenepo, chipewa m'manja, n'kumapemphera mokweza pang'ono (Mulungu amamva zapansipansi, koma a Zimba ndi ogontha khutu limodzi). Tsiku lina wakabaza amene amadutsa ndi katundu kupita kutsidya kwa malire anandipeza ndili chogwada. Anatsika njinga, anavula chipewa, anawerenga dzina, n'kudutsa akukankha njinga mwakachetechete. Ine ndinati uthenga wayamba kugwira anthu.

Apa ndifotokoze. A Nambewe kwawo ndi ku Zambia, mudzi wapafupi ndi malire, ndipo ine ndinawatenga chitengwa kudzakhala nawo kwathu. Tsiku lowatengalo amalume awo, a Sakala, anandiuza pamaso pa anthu kuti: "Mwana wathuyu takubwerekani. Akadwala mutiuze. Akamwalira abwere kwawo." Za kudwala ndinawauzadi. Za kuchira ndinaiwala, poti ndinatanganidwa ndi kukumbukira.

Lachisanu masana ndinamva kulira kuchokera kudambo. Ndinavula chipewa n'kumadzifunsa kuti watisiya ndani m'mudzi muno. Kulirako kunakwera chitunda, kunadutsa kwa a Zimba, kunakhotera pakhomo panga. Amayi a kwawo kwa a Nambewe anadzigwetsa pa mwala wanga woyamikira, maluwa onse phwatalala. Kumbuyo kwawo kunali a Sakala ndi ndodo, maso ali psuu. Wakabaza uja anali atafikitsadi uthenga.

"Imwe akamwini! Mwana wathu mwamuika pakhomo monga galu, osatiuza? Manje tiuzeni, mwabisa chiyani?"

"Ali moyo, amalume! Ali kwa Zulu ku msonkhano!"

"Ali moyo, apa mwalemba ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za mtsinje ndi miyala ndi ana ofunsa. Nkhani imene inakoma m'kamwa mwa abusa, m'kamwa mwanga inamveka ngati ya munthu wogwidwa ndi nkhuku ya eni.

"Imbani foni timve mawu ake," anatero a Sakala.

Ndinaimba. Foni ya a Nambewe inayamba kulira pawindo la nyumba yathu, pamene anaiiwala. Amayi aja atamva kanyimbo kake anakweza maliro kufika kumwamba.

"Bweretsani makasu," a Sakala analamula amuna amene anabwera nawo. "Tifukula, tikamuike kwathu. Ana nawonso tikutenga, ni mbumba yathu."

Apa nthabwala zinandithera. Ana anga atatu anali ataima pakhonde akulira, osadziwa kuti akhulupirire ndani, ndipo ndinaona kuti banja langa likhoza kuwoloka malire dzuwa lisanalowe. Ndinathamangira a Zimba kuti adzandiikire umboni. Anabwera mosafulumira, anakhosomola, nati: "Sabata yatha ndinawaona ali moyo. Za sabata ino sindinganame." Atandiona ndagwada pamaso pawo (kugwada kwenikweni, osati kwa m'mawa kuja), anandimvera chisoni nakwera njinga yawo yamoto kukatenga a Nambewe.

Podikira, alendo a maliro sakhala ndi njala. Mbuzi yanga inagwa. Ndinaisenda ndekha uku ndikumva makasu akugunda m'mbali mwa simenti.

Dzuwa litapendeka njinga yamoto inalowa pabwalo. Kumbuyo kunatsika a Nambewe atavala zoyera za amayi a mpingo, bulawuzi ndi duku. Azakhali awo anataya mbale ya nyama n'kulowa m'chimanga. Ena anabisala kuseri kwa nkhokwe. A Sakala anangoima, ndodo itagwa, kenako anagwira nkhope ya a Nambewe ndi manja onse awiri n'kulira ngati mwana. "Unachira liti, mwana wanga? Ife tinali kudikira uthenga." Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a chiliza.

A Nambewe anapita pa mwala uja, anawerenga pang'onopang'ono, nayang'ana maluwa opondedwa.

"Dzina mwalemba bwino, bambo a Chisomo. Koma chikwatirane simunandipatsepo duwa, ngakhale la dzungu. Mumadikira ndigone apa?"

A Sakala anagamula kuti ndiphwanye chinthucho ndi manja anga. Ndinali nditanyamula kale nyundo pamene akazi anga anakana. "Chisiyeni. Abusa anati ana akafunsa tiziwafotokozera. Ine ndizifotokoza."

Ndipo amafotokozadi. Wogula mtedza, wofunsa njira, wodzapempha moto, aliyense amaima, monga ndinafunira, n'kumva nkhani yonse mpaka pa mbuzi. Chimwala cha a Zimba anthu anachiiwala, pano amamangirirapo ng'ombe. Changa sichidzaiwalika. Pamwamba pake a Nambewe amayanikapo mfutso, ndipo madzulo amakhala pomwepo n'kumasenda mtedza, msana atatsamira dzina lawo. Ndikawaona choncho ndimakumbukira kuti kunangotsala pang'ono kuti akhale pansi pake, osati pamwamba. Pamenepo ndimayamika mwakachetechete, osasamala ngati a Zimba akumva.

Chaka chino chimanga chachita bwino kuposa cha aliyense m'dera lathu. Ndinanena mongoyesa madzi kuti zoterezi n'zofunika kachikumbutso, ndipo kwa Kamwendo sikutali. A Nambewe sanadzutse n'komwe mutu pa lichero.

"Kamangeni," anatero. "Koma dzina likhale lanu."