Chofunda cha Esinati Chikuwonda

Lolemba, 14 Juni 1971

Chofunda cha mwana wanga Esinati chatsala pang'ono kutha! Ukwati wake ndi Loweruka. Ndachiyala pamphasa pakhonde kuti odutsa aone, ndipo akuonadi. Chachikulu, chokwana anthu awiri mpaka kutsalako. Pamwamba zigamba zimene ndakhala ndikutola kwa telala wa ku Songani chiyambire mvula, pakati bulangete lakale la abambo ake, pansi matumba a ufa ochapa mpaka zilembo kufufutika. Zonse ndi manja angawa.

Masana atulukira asewere, mayi ake a Wilisoni mkamwini wathu, atasenza mpunga wa ukwati. Mayi amenewa anaphunzira kusoka kwa dona wina ku mishoni, ndiye dziko lonse liyenera kudziwa. Moni sanamalize n'komwe, agwada, atembenuza chofunda changa kumbuyo ngati akugula mbuzi. Kenako asolola mtengo wa machesi m'duku. M'duku! Aulowetsa pansi pa msoko wanga, walowa bwinobwino, watulukira uko.

"Asewere, machesi akalowa, kumeneko si kusoka. N'kumanga mpanda."

Andionetsa m'mphepete mwa bulauzi yawo. Timisoko ngati mazira a nsabwe, tofanana tonse. Ine kukamwa yasa! Ndangoseka nawo. Loweruka mphatso iliyonse adzaikweza m'mwamba pamaso pa anthu, ndipo mayi awa adzakhala kutsogolo ndi machesi awo. Ine ndisekedwe pa ukwati wa mwana wanga? Ayi ndithu. Mawa ndimasula chonse.

Lachiwiri, 15 Juni

Kumasula n'kowawa kuposa kusoka. Bwanji palibe anandiuza?

Singano ikuchedwa, ndatenga lezala la abambo ake a Esinati. Likuyenda bwino zedi. Likuyenda bwino mpaka ladya ulusi, zigamba, bulangete ndi thumba lomwe, mzere wonse wa m'mbali. Mayo ine!

Ndadula mbali imeneyo. Palibe kanthu. Esinati ndi Wilisoni onse ndi ochepa thupi, azidzafinyana, ukwati wake ndi umenewo.

Abambo ake akumeta ndevu kuseri, ndikuwamva akubuula. Lezala labuntha. Ine maso pa chofunda changa.

Esinati wakana matemba, ati akununkha. Matemba omwe wakulirawa! Ndi mantha a ukwati basi.

Lachitatu, 16 Juni

Ndayamba timisoko ta asewere, bokosi la machesi pambali. Kubaya, kuyesa, kubaya, kuyesa. Nsalu zitatu pamodzi si masewera, singano ikalowa sikufuna kutulukira pafupi. Zomwe ndapindula lero:

singano, zathyoka;
chala chapakati, chatupa ngati mbatata;
maso, akuona nyerere paliponse;
machesi, atha, moto wa madzulo ndakapala kwa achemwali;
posokedwa, malo okwana chikhatho changa.

Chikhatho chimodzi tsiku lathunthu! Komanso pokoka ulusi kuti machesi asalowe, pakwinyika ngati chifu cha mbuzi. Ndi liwiro limeneli chofunda chidzatha Esinati ali ndi imvi.

Ndachidula pakati. Theka ndingathe. Wilisoni ali ndi jekete, azidzagona nalo.

Diresi la ukwati labwera kuchokera ku Songani. Silikutseka m'chiuno! Telala ameneyu anamuyeza yekha mwanayu chimanga chisanaume, lero wasoka za munthu wina. Maso akutha bambo uja, ndidzamuuza pamaso.

Lachinayi, 17 Juni

Pabwalo piringupiringu, ena akusinja, ena akuphika thobwa. Achemwali anga a Dorofe andimvera chisoni. Akhala pansi, ayala chofunda pamiyendo pawo, iwo uko ine uku. Akusoka akucheza, koma misoko yawo yaing'ono ndithu, machesi amene abwera nawo akukana. Mtima wanga pansi. Mulungu adalitse achemwali!

Akuti adzuke akaone thobwa, chofunda chadzuka nawo.

Achisokera ku chitenje chawo! Ndi diresi lam'kati lomwe! Akuyenda pabwalo chofunda chikukwekwereka, akazi osinja aponya misi, akugubuduka ndi kuseka. Timisoko tating'onoto, ubwino wake ndi umenewo, sitimasulika.

"Chitenje changa chatsopano simudula, mng'ono wanga. Ndi cha Loweruka."

Ndiye tadula chofunda. Bowo lake mutu wa munthu ukulowa. Ndasunga mbali yabwino yokha.

Abambo ake a Esinati aima pakhomo, manja kumbuyo.

"Kodi chofundachi chikudwala chiyani? Chikungowonda tsiku ndi tsiku. Tipite nacho ku chipatala?"

Ndiwo zawo lero zilibe mchere, ndipo sindinaiwale ayi.

Esinati ndamupeza kuseri kwa nkhokwe akunyambita mandimu, m'dzanja lina dothi la pachulu. Ana a masiku ano, abale!

Lachisanu, 18 Juni

Chatha! Chala sindikuchimvanso, koma chatha. Kwangotsala makwinya aja. Ndabwereka simbi yamakala kwa akazi a aphunzitsi.

Ndangoiika pamwamba chonchi, ndikumva nthungululu ku msewu, abale a abambo ake afika kuchokera ku Phalombe. Munthu ungasiye alendo panja? Ndathamanga. Moni wa anthu a ku Phalombe mukuudziwa, afunsa mpaka nkhuku ndi mbuzi. Tili pa mbuzi, azakhali akweza mphuno.

"Kodi mwayamba kale kuwamba nyama?"

Ambuye wanga! Simbi yadinda chithunzi chake pangodya, chakuda bii, mpaka kuthumba la pansi.

Sindinalire. Ndatenga sizasi. Chotsalacho ndachipinda m'mbali ndi kansalu kofiira, chaoneka bwino ndithu. Kukula kwake, kuchokera kuchala mpaka paphewa, mbali zonse. Koma misoko! Ndayesa machesi a achemwali paliponse, akukana. Ndayesa udzu, ukukana. Asewere abwere ndi bokosi lonse.

Achemwali achiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukapereka chimenechi? Pamaso pa akulu ampingo?"

Nsanje basi. Ndachikulunga m'pepala, ndamanga ndi luzi.

Loweruka, 19 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Kutchalitchi zonse bwino, diresi latseka ndi mapini. Tabwerera kumudzi, anthu thithithi pansi pa mibango... ayi, pansi pa mango athu, mutu wanga sukugwira. Amalume ake a Wilisoni ndiwo akulengeza mphatso. Mbale, nthungululu. Ndowa, nthungululu. Nkhuku, nthungululu.

"Mphatso ya mayi a mkwatibwi!"

Ndakhala bwino, ndakonza duku. Amasula luzi, atambasula pepala. Akuchifunyulula, kufunafuna kwina kwake. Kulibe. Achikweza m'mwamba ndi tizala tiwiri.

Zii. Ngakhale agalu.

Kenako azakhali a ku Phalombe, amene makutu anawathera koma mawu ayi:

"Eee, ka mwana! Ndiye kuti zili m'njira!"

Nthungululu zaphulika kumbuyo uko ngati wina waponda njuchi. Akulu ampingo akuyang'anana. Abusa akhosomola. Esinati wabisa nkhope m'chophimba, Wilisoni akuwerenga zingwe za nsapato zake. Apa m'pamene ndachiona ndi maso a anthu: kachofunda kofewa, ka m'mbali mofiira, kokwana khanda ndendende. Pa ukwati wa m'tchalitchi! Kuchokera kwa make!

Ndadzuka. Ndikukuwa: ndi lezala! Ndi chitenje cha achemwali! Ndi simbi! Onani misoko, anthuni! Palibe akumva.

Asewere andiyandikira, nkhope gwa.

"Asewere, nkhani zoterezi timauzana kuseri. Osati kuzipachika m'mwamba ngati mbendera."

Ndipo machesi sanatulutse n'komwe. Sanatembenuze kumbuyo. Sanachikhudze! Chala changa chafera chabe, ndaipitsa dzina la mwana wanga wosalakwa ndi manja angawa. Mpunga sindinadye.

Lamulungu, 20 Juni

Kutchalitchi sindinapite, mutu. Abambo ake abwerako ndi uthenga, akulu ampingo akufuna kutiona m'kati mwa sabata. Lero sakuseka.

Ndipita, akandione. Ndasonkhanitsa umboni wonse m'dengu: mbali ya lezala, theka la Lachitatu, chabowo cha achemwali, ngodya yopserera. Ndikazilumikiza pansi pamaso pawo, aone okha kuti chinali cha anthu awiri akuluakulu. Dzina la mwana wanga ndiliyeretsa ine amene ndinalidetsa.

Masana Esinati wabwera kuchokera kunyumba yawo yatsopano, kuseri kwathuku. Wagwada pakhomo, kachofunda kali pachifuwa, akukasisita.

"Misoko yake ndi yokongola, amayi."

Munthu woyamba kunena! Misozi yalengeza. Ndikuti ndimupepese, ndimuonetse dengu, iye wandiyambirira, maso ali pansi, mawu apansipansi.

"Koma amayi, munadziwa bwanji?"

Matemba. Mandimu. Dothi la pachulu. Telala wa ku Songani, bambo wosalakwa, maso ake akuona kuposa anga.

Ndakhala pansi pomwepo. Kenako ndamufunsa ngati wadya.

Dengu ndalibweza pansi pa bedi, kwa akulu ampingo ndipita chimanjamanja. Zidutswazo zikwana matewera ndi tizipewa, nthawi ilipo. Ndisoka misoko yanga yakale ija, yaikuluikulu, ya mpanda. Khanda siliyenda ndi machesi m'duku.