Ba Chalwe ndi Mabusita a ku Kabwata

Kumafulati kwathu kuno ku Kabwata, malemu ba Chalwe ankalowa m'nyumba mwako n'kuyamba kukalipira rauta ya WiFi asanakupatse n'komwe moni.

"Iyi ikuwa maningi! Chepetsani mphamvu. Mufuna bakumveni ku Chelstone?"

Anakalambira pantchito yokwera nsanja za mafoni, ndipo atapuma anadzipatsa ufumu wa padenga pathu. Anandandalikapo maeriyo anayi, iliyonse yoloza khonde lake, yonong'ona ngati wopepesa maliro. Intaneti inkagwira bwinobwino. Chimene chinkatinyansa chinali chakuti nthawi zonse ankakhoza, ndipo sankabisa.

Tsiku lina Kalenga, woyendetsa minibasi, anabwera ndi busita, makina okweza mphamvu ya WiFi, ya ku City Market, yaikulu ngati chitofu.

"Ba Chalwe, yanga ifika na ku Soweto!"

"Izafika. Koma ba Imelda, baneba bako pa dowa iyi, bazasala pa mphepo. Mu bala ya mowa ukakuwa, munzako akuwa kupambana iwe, basi kulibe womvela."

Tinaseka mpaka misozi. Sabata isanathe, foni ya ba Imelda inaleka kugwira, iwo n'kukagula busita yoposa ya Kalenga. Mzere wonse unatsatira, inenso momwemo. Intaneti itafa fulati yonse, tinati ndi nsanje ya mkuluyo, akupotoza maeriyo dala. Tinachita msonkhano n'kuwalanda kiyi wa padenga. Pamsonkhanopo ndinakweza dzanja langa osachita manyazi.

Ba Chalwe anamwalira mu Juni. Mwana wawo Killian, amene ali kunja kwa dziko, analephera kubwera, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: aone nkhope ya bambo ake pa vidiyo, mtembo ukafika pakhomo. Ba Anita, namfedwayo, anayenda khomo ndi khomo.

"Napapata, zimyani mabusita ola imodzi chabe."

Tonse tinavomera mwaulemu, manja pachifuwa. Ine mumtima ndinati yanga yokha singasokoneze kanthu, poti ndi yaing'onoko.

Atatsegula bokosi, ba Anita anagwira foni pamwamba pa nkhope ya amuna awo. Chithunzi chinauma gwa. Anasunthira pawindo, anatuluka pakhonde, anabwereranso.

"Mami, sinibaona! Mami?"

Abusa anadikira mmene akanathera, kenako anatseka bokosi.

Masiku ano pano pali zii, palibenso wotikalipira. Kalenga amati anazimitsa yake, ba Imelda nawonso. Inenso ndimatero. Ba Anita akamadutsa pamasitepe amatipatsa moni mmodzimmodzi, potchula dzina, ndipo palibe amene amadzutsa mutu.