Bokosi linapita ku yunivesite, mwini wake n'kutsala

Mpaka lero ndikamva fungo la penti ya boti, ndimayang'ana kumbali. Si matenda ayi, ndi manyazi akale, ndipo ndati ndiulule ndekha anthu a kwathu ku Makokola asanakuuzeni mothira mchere wambiri.

Zinali zaka zija anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza m'midzi ya kwathu ku Mangochi. Ine ndinali nditangomaliza Fomu Folo pa sekondale ya boma, yogonera komweko, yochita kusankhidwa. Masiku amenewo ife a sukulu za boma tinkayenda mapewa ali m'mwamba. Anzathu otsala, akakhala ndi mwayi, ankapita ku pulayiveti, ndipo tinkawatcha "ogula sukulu."

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala Joakimu ndi mayi ake. Anawoloka malire wapansi, n'kulandiridwa ndi malume ake a ku Chowe. Poti anafika ali wamkulu kale, sanasankhidwe, ndiye malumewo anamupezera malo pa kasukulu ka pulayiveti komwe mphunzitsi wina wopuma pantchito anatsegula m'nyumba yomwe kale ankasungiramo usipa wouma. Makope ake ankanunkha ndiwo. Patchuthi ankabwereka manotsi anga, ine n'kumamupatsa ngati ndikupereka sadaka.

"Kopera bwino, Joakimu," ndinkatero. "Mwina udzakhala kalaliki wanga."

"Zikomo, achimwene," ankangoyankha choncho, ulemu wake wonse.

Zotsatira za mayeso zitatuluka ndinapezeka kuti ndakhoza (osati mochititsa mantha, koma mutu unakula ngati dzungu). Ndinamva kuti Joakimu nayenso wakhoza, koma mapointi ake sindinafunse. Ndani amafunsa mapointi a m'nyumba ya usipa? Chomwe chinatsala n'kudikira mayina a osankhidwira ku yunivesite, ndipo ine kudikira sindinkakuona phindu.

Bambo anga, omwe anali ophika pa hotela, anali ndi bokosi lachitsulo lobiriwira. Ndinalimanga panjinga mpaka ku Monkey Bay kwa Che Sayidi, mkulu wolemba mayina pa maboti a asodzi. Ndinawauza kuti alembe dzina langa lonse, m'munsi mwake aike kuti YUNIVESITE, ZOMBA.

Che Sayidi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayina atuluka, mwanangu?"

"Atuluka posachedwa, koma langa lilimo."

"Mukanati kaye inshallah, Mulungu akalola. Penti iyi ndi ya m'madzi, sichoka."

"Ndiye yabwinoyo! Lembani zikuluzikulu."

Analemba ndithu, zoyera mbee, zoti munthu n'kuwerenga ali pa bwato pakati pa nyanja. Pobwerera ndinaonetsetsa kuti zolembazo zayang'ana kumsewu, ndipo pamsika uliwonse tcheni cha njinga chinkapezeka kuti chavuka (sichinavuke). Kufika kunyumba, mayi anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Ine ndinaseka, n'kuliika bokosilo pakhonde, osati m'nyumba. Sabata yomweyo ndinatsanzika kutchalitchi, ndipo mtsikana wina ndinamuuza kuti asadandaule ndikamachedwa kuyankha makalata, ku Zomba kumachuluka zowerenga.

Tsiku lomwe nyuzipepala ya mayina inafika ndi basi ya masana, ndinamuitana Joakimu. "Tiye ukaone mmene dzina la munthu limaonekera m'nyuzi." Tinaitambasula pa tebulo la telala, anthu atatizinga. Ndinayendetsa chala kuchoka pamwamba mpaka pansi. Ziii. Ndinayambiranso kuchoka pansi. Anzanga a m'kalasi ndinawapeza angapo, koma ine ayi. Ndinatembenuza mpaka tsamba la mpira, ngati kuti mwina andiika pa magoli.

Kenako ndinamva kamawu kumbali. "Achimwene, pepani, sunthani chala pang'ono."

Ndinasuntha. Pansi pa chala changa chenichenicho panali dzina la Joakimu. Abale inu! Telala anaimitsa makina, n'kufunsa mokweza kuti, "Nanga za bokosi zija bwanji?"

Kunyumba ndinayesa kufufuta zolemba za pabokosi zija ndi palafini. Ndinayesa mchenga ndi chikwanje. Ndinayesa ngakhale mandimu, poti munthu wothedwa nzeru amamvera aliyense. Che Sayidi sananame: penti inkangowala kuposa kale. Ndinalilowetsa pansi pa bedi, ine n'kukhala masiku atatu osatuluka, ndikuti malungo.

Tsiku la ulendo wa Joakimu, mayi anga analowa m'chipinda. "Mnzakoyo walongeza zovala m'thumba la ufa wa chithandizo. Akafike nalo ku Zomba, bokosi lili pansi pa bedi? Tulutsa. Ndipo umuperekeze wekha ku siteji, njinga ndi yako."

"Amayi, koma palembedwa dzina langa!"

"Analemba ndine?"

Ulendo wa ku siteji uja sindidzauiwala. Ine ndikukankha njinga, bokosi pa kaliyala, Joakimu akubwera m'mbuyo ndi kajumbo ka mbatata. Amene sanamve nkhani ankakuwa, "Ayende bwino ophunzira! Musatiiwale!" Mayi wina anandipatsa nthochi za kamba wa panjira. Amene anamva nkhani anali kugwa ndi phwete m'makonde. Joakimu, mwana wa ulemu, sanaseke mpaka basi itanyamuka. Ndinamuona pawindo mapewa akugwedezeka.

Mtima unandipweteka, sindinama, koma poona bokosi likupita lili pa denga la basi ndinapezeka nanenso ndikuseka. Dzina langa linakakhala ku Zomba zaka zinayi, osalephera ngakhale mayeso amodzi. Ine ndinakachita kozi ya uphunzitsi, ndipo kumene ndinakathera kuphunzitsa ndi pa pulayiveti (musaseke, ndinaseketsa kale okwanira).

Joakimu atamaliza anandibwezera bokosilo, mkati ataikamo manotsi anga aja, akadanunkha usipa. Lilipo mpaka pano. Chaka chino mwana wanga wamkazi akudikira mayina, ndipo ndamulangiza mwamphamvu kuti asatsanzike munthu aliyense. Kungoti dzulo, podutsa ku Monkey Bay, ndinaima kwa mdzukulu wa Che Sayidi, yemwe analowa ntchito ya agogo ake. Ndinangofunsa ngati penti yoyera ilipo. Kufunsa chabe.