Akuti Phiri Likundiitana

Lolemba

Ndafika. Wakabaza wanditula pa Likhubula, kotsalako ndi wapansi, chikweza chokhachokha. Msuweni wanga Esinati akungoyenda patsogolo ngati akupita kuchigayo, chikwama changa pamutu, ine pambuyo wefuwefu.

Mudzi wake: nyumba zowerengeka, nthochi, mapeyala, mtsinje kumunsi, phiri kumbuyo. Netiweki kulibe. Ambuye alemekezeke!

Ndadzera chinthu chimodzi: kuganiza. Bambo Namakhwa, aja ogulitsa zipangizo za njinga pafupi ndi benchi langa la zitenje pa Chitakale, andifunsira banja. Iwo akazi awo anamwalira, ine amuna anga anamwalira, ana anakula n'kubalalika. Ndawalonjeza yankho Lamulungu. Munthu ndi wabwino, samwa, amadzisamalira. Vuto ndi pakamwa. Bambo aja amalankhula! Ukawapatsa moni m'mawa, umamasuka dzuwa lili paliwombo. Ine ndinazolowera nyumba yanga ya zii. Kodi ndingathe?

Dongosolo la sabata ino:
kukhala ndekha,
kutseka pakamwa,
kumva zimene mtima ukunena.

Esinati sindinamuuze. Akadziwa Esinati, yadziwa Mulanje yonse.

Lachiwiri

Ndapeza mwala! Wosalala bwino, kuseri kwa nthochi, woyang'anizana ndi phiri. Ndayala chitenje, ndakhala. Kamphepo, mbalame, madzi akuwirima patali. Mtima ukuyamba kukhala m'malo. Izi ndiye ndimafuna.

"Odi kumwalako!"

A Mwandida, oyandikana nyumba ndi Esinati, khasu paphewa. Mwadzuka bwanji, kwanu mwasiya ali bwanji, ana akulemba kalata, ku Chitakale kukuzizira ngati kuno? Ndayankha zonse mwaulemu. Pochoka akungotembenuka: kuyang'ana ine, kuyang'ana phiri, kuyang'ananso ine.

Pambuyo pawo ena, ndi enanso. Kani njira ya kumtsinje imadutsa pamwala wanga pomwepo. Ndapereka moni kwa mudzi wonse, ena popita ndi pobwera pomwe.

Zimene ndaganiza lero za Bambo Namakhwa: ali ndi njinga yamoto. Basi.

Lachitatu

Ndasamukira pamwala wina, kumtunda, kopanda njira. Ndangoti ndikhale bwino, tchire gwedegwede. Esinati, thukuta kamukamu, a Mwandida pambuyo.

"Asuweni, mukuonanji kuphiriko?"

Ndati palibe, ndikungoyang'ana. Iwo ayang'anizana. A Mwandida agwira pakamwa.

Masana Esinati wandikhazika pansi. Akuti kuno munthu sakhala yekha n'kumayang'anitsitsa phiri. Amene amatero ndiye kuti mizimu ya kuphiri yayamba kumuitana, ndipo tsiku lina amangodzuka, kukwera, osabwereranso. "Amalume awo a Mwandida anayamba chonchi, phee pamwala."

Ndaseka. Iye sanaseke.

Ndati ine ndimapemphera, ndipo ndikungofuna kuganiza.

"Eya, nawonso ankanena zomwezo."

Ha!

Lachinayi

Andiikira alonda. Sakunena, koma ndikuona: uyu akanyamuka, wina wakhala kale. Aliyense akubwera ndi chonamizira m'manja.

Amene andilondera lero:
a Mwandida, ndi lichero la nandolo (ndasenda nawo, zala zada);
a Fulaye, amuna a Esinati, amene amanyamulira alendo katundu kuphiri, ndi mbiri ya bondo lawo kuyambira tsiku limene linayamba kuwawa;
mayi wina wakwaya, amene wandiyimbira nyimbo osadumpha vesi, n'kundiuza kuti ndiziyankha.

Ndi kuchimbudzi komwe! Ndili m'kati ndikumva panja: "Muli momwemo, asuweni?" Ndikanatulukira pati ine?

Tsopano akundikhazika chofulatira phiri. Ndinadzera kukongola kwa chilengedwe, ndikuyang'ana khola la mbuzi. Mbuzi nazo zikundiyang'ana.

Kuganiza: ndinayamba bwino, ndinafika pa "koma bambo aja", a Fulaye n'kukwinya buluku kuti ndione pamene patupa.

Lachisanu

Chiperoni. Kamvula kowaza, nkhungu kuti phiri lonse bii, osaoneka. Ndati lero andipumitsa, poti choyang'ana palibe. Ayi ndithu. Akuti tsiku la nkhungu ndiye loopsa kwambiri.

Mankhwala apezeka: kalongonda. A Mwandida akuti mayi amene ali ndi mphika pamoto sangapite kulikonse, ngakhale amuitane ndani. Ndipo mphika wa kalongonda si wamasewera. Nyemba zimenezi ukaziphula msanga zimazunguza mutu. Zimafuna kuwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutaya madzi, kuthira ena, kusonkhezera, kutayanso. Mphikawo andipatsa ine.

Utsi m'maso. Amayi adzaza m'khitchini, poti mlonda mmodzi angagone. Nkhani kuti mbwee! Ya mlendo wina amene a Fulaye anamubereka kumsana potsika phiri, iye ali kalikiliki kujambula zithunzi. Ya mkamwini amene anathawa kulima kwa apongozi ake n'kubisala m'nkhokwe, nkhokwe n'kugwa naye. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindikukumbuka kuti ndinaseka chonchi liti.

Kuganiza: ng'o.
Kalongonda: wokoma. Ndawonjezera.

Loweruka

Ndagonja. Ndaulula. Ndati anthu inu, si phiri likundiitana, ndi mwamuna wa pa Chitakale.

Mayo ine! Nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. Esinati wandimenya paphewa kuti ndimamubisiranji. Ndinadzera kuganiza ndekha, tsopano mudzi wonse ukuganiza m'malo mwanga, mokweza.

Esinati: "Samwa? Ndiye mukudikira chiyani, abwere ndi mapiko?"

A Fulaye akuwadziwa: "Namakhwa wa njinga? Ndinapita kukagula chubu m'mawa, anandimasula dzuwa litapendeka. Koma ananditenga panjinga yawo mpaka pa Likhubula, akulankhulabe."

A Mwandida: "Wolongolola ndi bwino, mayi, umadziwa za mumtima mwake. Anga anali osalankhula. Ndinadziwira pamaliro awo kuti ali ndi ana ku Thuchila."

Wakwaya uja wayamba kale kusankha nyimbo za paukwati. Ndati sindinavomere. Palibe amene wamva.

Alonda sanachotsedwe. A Mwandida akuti mwina zikundiitana zonse ziwiri.

Lamulungu

Onse apita kutchalitchi. Ndanamizira mutu, ndipo Esinati wandisiya, akuti tsopano ndili ndi chondigwira pansi pano.

Ndabwerera pamwala wanga woyamba. Palibe odi. Palibe lichero, palibe bondo. Phiri layera, mathithi akuoneka ngati ulusi. Zii weniweni, amene ndinakwerera chikweza chonse chija.

Ndipo ndamuzindikira. Ndi yemwe amandidikira kunyumba ndikatseka benchi: kapu imodzi, mbale imodzi, kulankhula ndi ketulo. Zaka zonsezi ndakhala ndikumutcha mtendere. Ndi kusungulumwa chabe. Ndakhala pang'ono, misozi yalengeza, ndapezeka ndikutchera khutu kumunsi kuti mwina abusa afupikitsa ulaliki.

Chabwino. Zokhala chete zandikanika, ndipo sindikudandaula.

Masana ndatsetsereka mpaka pamtengo wa peyala pamene amati netiweki imagwira ukakweza foni m'mwamba. Esinati ndi a Mwandida andiperekeza, aima poteropo, akunamizira kuona chinangwa cha eni ake. Ndawaimbira Bambo Namakhwa.

"Mayi! Muli moyo? Ndimati phiri lakumezani!"

Kenako za matayala amene akwera mtengo. Za mlamu wawo wa ku Muloza. Za chiperoni. Za benchi langa, kuti likuoneka lamasiye ndipo akhala akusesapo m'mawa uliwonse kuti fumbi lisazolowere. Ndatsegula pakamwa kangapo, mpata osapezeka. Abwereranso ku matayala. Mayunitsi atha.

Yankho ndi eya. Ndikawauza mawa, akamameza malovu.