Khonde la Matabwa la a Wadson

Inu, tamverani za a Wadson a ku Zingalume, munthu amene anabwerako ku Migodi ndi sutukesi imodzi koma matama odzaza ngolo. Kumudzi ankati anali kapitawo. Bodza! Zaka zonsezo ankathirira maluwa kunyumba ya mzungu ku Luanshya, ku Migodi komweko, ndipo aliyense ankadziwa, kungoti ankawasungira ulemu.

Chimene mtima wawo unkafera chinali utcheyamani wa nthambi ya chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndiye tcheyamani akatsokomola mudzi wonse unkati zii. Chisankho chinayandikira, bwana wa chipani ankadzachokera kuboma ku Chadiza kudzayang'anira, ndipo a Wadson anachonderera kuti msonkhano uchitikire pakhomo pawo. Ankafuna bwanayo akhale pamalo poti akangoona adziwe kuti mwini wake anayenda.

"Tiyale miyala pabwalopa," anatero akazi awo, a Elinata. "Yafulati yangoti mbwee kuphiriku. M'mipatamo tizire ndi dothi, basi."

"Miyala? Bwana akhale pamiyala ngati buluzi? Mzungu amene ndinkagwira naye ntchito ankamwera tiyi pakhonde la matabwa, lokwera m'mwamba, maluwa ali m'munsi."

"Munkagwira naye, kapena munkamugwirira?"

"Mayi, za chitukuko zisiyireni oyenda."

A Wadson anaitanitsa Manase, kalipentala wa m'mudzimo, namufotokozera ndi manja: matabwa pansi, okhala pamizati, m'mbalimu motchinga, pokwerera pakhale pabwino.

"Ndamva, bambo. Zotere ndakhoma zambiri."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti wazikhomera yani kuno ku Zingalume. Koma safunsa anadya phula. A Wadson anakwera basi wa ku Chipata kukasaka shuga wa tiyi wa bwana, ndipo poti shuga ankasowa ngati mvula ya mu Okotobala, anatha masiku anayi ali pamzere.

Anafika m'mawa wa tsiku la msonkhano. Abale inu! Chinthu chija chinaima pakati pa maluwa awo, kutalika kulekeza m'chifuwa. Pakati pa thabwa ndi thabwa panali mpata wolowa zala ziwiri. Pokwerera panali thabwa lotsetsereka lokhomedwa timitengo, kumtunda kwake kachitseko. Manase chibadwire chinthu chokhala pamizati chotchinga m'mbali ankachidziwa chimodzi chokha, khola la mbuzi.

"Mipatayi ndi ya chiyani, Manase?"

"Ndowe zizigwera pansi, bambo. Mukafuna manyowa mungowola."

A Wadson mutu unazungulira. Koma anthu anali atayamba kale kusonkhana, ena akubisa kukamwa ndi chitenje, ndiye iwo analimba mtima n'kukweza mipando. Atati ayese kukhala, mwendo wa mpando unalowa mumpata, iwo chagada, miyendo m'mwamba, tiyi wa shuga wa masiku anayi uja n'kutsikira pa nkhumba ya eni ake imene inali itapeza kale mthunzi kunsiko. Akudzuka chotero, galimoto ya bwana inaima.

Bwanayo sanakwere n'komwe. Anazungulira kawiri, anagogoda mzati, anasuzumira kunsi.

"Wamanga ichi ndani?"

"Ndine, bwana," anatero a Wadson.

"Komuredi, bwerani ndikugwireni chanza! Ndayenda Zemba, ndayenda Pembamoyo, khola la mbuzi lotere sindinalione. Ena akabwerako ku Migodi amamanga zamatama, koma inu mwamva mawu a chipani, mwabwerera kunthaka!"

Anthu anaomba m'manja mpaka kuwawa, ena misozi ili chuchuchu, ndipo sinali ya chisoni. Nanga a Wadson akanatani? Bwana wa chipani akati khonde lako ndi khola, ndi khola basi.

"Munthu wotere tisamuwononge ndi misonkhano," anapitiriza bwanayo. "Utcheyamani tipatse wina, awa aziphunzitsa anthu kuweta. Tagwirizana?"

Manja onse m'mwamba. Inu, ngakhale la Manase! Mpando wa utcheyamani unapita kwa munthu amene sanapitepo ngakhale ku Katete, a Wadson akuyang'ana, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola.

"Nanga mbuzi zanu zili kuti, komuredi?"

Mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomopo panalibe ngakhale mchira wa mbuzi.

"Zili kubusa, bwana."

"Zingati?"

"Khumi ndi ziwiri," anatero a Wadson, poti matama safa ndi tsoka limodzi.

"Zabwino! Loweruka likudzali ndibwera ndi alimi a m'midzi yonse adzazione zili m'kholamu."

Galimoto inapita, anthu anabalalika akugwirana m'mapewa ndi phwete. A Wadson anatsala ataima pafumbi, suti ili tiyi yekhayekha. A Elinata anatsitsa mipando mwakachetechete, anayang'ana kumadzulo, kenako anagwada mwaulemu wonse.

"Bambo, dzuwa lapendeka. Kazipitani mukazitsekere mbuzi zanu zija, zingadye za eni."