Topulinki ya Apongozi

Pulani yonse inabadwira pa mowa wa masese kwa Mai Lusiya, ku Lisasadzi, Lachitatu masana dzuwa likuswa mtengo. Amene anabwera ndi vuto anali Ernest. Amene anabwera ndi nzeru anali Lucious, yemwe ankadzitcha Injiniya chifukwa anagwirapo ntchito pa galaja ina kwa masabata awiri, ntchito yake yotsuka masipanala. Wachitatu anali Grey wa kabaza, wotchuka ndi dzina loti Mphepo. Iyeyu anabwera ndi ludzu lokha.

Ernest anali pa chikamwini kwa a Benjamin, mlimi wa fodya yemwe anali ndi kathirakitala kofiira komwe ankakapukuta yekha Lamulungu lililonse asanapite ku tchalitchi. Apongoziwo atapita ku ukwati ku Nkhamenya, Ernest anakatulutsa mobisa kukalima ganyu m'munda wa zitsa. Pulawo inakola chitsa, ndipo topulinki inathyoka pawiri. Topulinki ndi chitsulo chapamwamba chija chimachoka kumbuyo kwa thirakitala n'kugwira pulawo kumutu, kuti isagwe chafufumimba kapena kugadama.

"Madala akubwera Loweruka," anatero Ernest atagwira mutu. "Akangoona, ine ulendo wa kwathu, bulangeti paphewa. Mkazi wanga sandiikira kumbuyo pa zimenezi."

Injiniya anamwa kaye, n'kupukuta masese pandevu.

"Aise, ukulira chiyani ndili pano? Ku boma kuli sitolo ya Mai Emmie, matopulinki ali mbwee. Ndiye sititenga yachikale yopotokola ndi manja ija ayi. Titenga ya haidiroliki. Madala azingokhala pampando, kukoka kachitsulo, pulawo n'kumamvera yokha. Udzati ndi mphatso. Adzakupatsa munda, mwana iwe."

"Nanga saizi?" anafunsa Ernest.

"Saizi ndi nkhani ya ife madolo. Tepi ilipo?"

Tepi panalibe. Mphepo anamasula mphira yomangira katundu pa kaliyala ya njinga yake. Anapita nayo kuseri kwa chigafa komwe Ernest anabisa zidutswa ziwiri zija, ndipo Injiniya anaziyala pansi, n'kuyeza ndi mphirayo, n'kumanga mfundo pothera.

"Bho. Ngakhale azungu amene anapanga thirakitalayi sayeza chonchi."

Apa sananame.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro anali atafika ku boma. Mai Emmie anali okha pakauntala, magalasi ali pamphuno. Ntchito ya Ernest inali yowatangwanitsa, choncho anayamba kufunsa za mankhwala a nsabwe za fodya. Atatha a nsabwe anafunsa a mbozi. Atatha a mbozi anafunsa a chiswe, a makoswe, mpaka a nkhupakupa, munthu wopanda ndi ng'ombe yomwe.

Kumbuyo kwa mashelefu, Injiniya anapeza matopulinki a haidiroliki anayi atagona pa thabwa. Anayeza yoyamba ndi mphira ija, inakwana. Anayeza yachiwiri, anakoka pang'ono, inakwananso. Yachitatu chimodzimodzi. Yachinayi inali chinthu chachikulu ngati mwendo wa ng'ombe, cha mapaipi awiri akuda, ndipo anachita kuponda mphira ndi phazi kuti mfundo ifike kumapeto. Inafika.

"Zonse n'zathu," ananong'ona. "Ndiye titengerenji yaing'ono?"

Anaitulutsira pa khomo lam'mbali pomwe Mphepo ankadikira ndi chiguduli cha mabelo a fodya. Atangoikweza pa kaliyala, tayala lakutsogolo linanyamuka n'kuloza kumwamba. Ulendo wonse wobwerera anayenda wapansi, Mphepo atatsamira hendulo, Ernest akukankha, Injiniya ali patsogolo manja kumbuyo ngati kapitawo wa pa esiteti.

Lachisanu m'mawa anaiyesa pa kathirakitala. Choyamba, pini inkangosambira m'bowo la topulinki, gwedegwede ngati supuni m'kapu.

"Tikulungira nsanza," anatero Injiniya.

Anakulungira nsanza. Chachiwiri, chinthucho chinali chachitali kwambiri moti atachilumikiza, pulawo inagadama, kutsogolo kwake kutayang'ana kumwamba ngati ikupempherera mvula. Chachitatu, mapaipi awiri aja ankangolendewera. Injiniya anazungulira thirakitala katatu kufuna powalowetsa. Atatopa anamasula nati ina yomwe inamukomera m'maso, ndipo mafuta anamuthira kumaso mpaka m'khutu.

Ernest anakhala pansi. "Ndatha ine. Mawa ndi Loweruka."

Apa m'pomwe Mphepo, yemwe sanaganizepo kanthu chiyambire Lachitatu, anaganiza.

"Amwene, tikangoisinthitsa. Nsapato ikathina timatani? Timabweza, amatipatsa ina."

"Tikabenso ina?" anafunsa Ernest.

"Kuba kawiri ndi tsoka. Koma kusinthitsa si kuba. Ndiponso tikubweza yaikulu kuti atipatse yaing'ono. Opindula ndi iwowo."

Injiniya anachotsa mafuta m'khutu ndi chala, n'kuvomereza kuti mfanayo walankhula za m'mabuku.

Cha m'ma folo koloko madzulo analowa m'sitolo muja pa khomo lakutsogolo, atatu onse, n'kuika chiguduli pakauntala. Mai Emmie anachitsegula. Kapepala ka mtengo komwe analemba ndi dzanja lawo kanali kakadali pomwepo. Anayang'ana topulinki, anayang'ana anyamatawo pamwamba pa magalasi, kenako anamwetulira.

"Takulandirani. Vuto ndi chiyani?"

"Yakula, mayi," anatero Injiniya. "Tinagula dzulo konkuno."

"Anakugulitsani ndani?"

"Mtsikana wina wake wamtali."

"Woyera pang'ono," anawonjezera Mphepo.

Mai Emmie sanalembepo wantchito chitsegulire sitoloyo. Anagwedeza mutu mwachisoni. "Ameneyo ndiye amandivutadi. Khalani pa benchipo, ana anga, mwatopa."

Anawatsegulira zoziziritsa kukhosi, botolo lililonse mwini wake. Anadina foni yawo kanthawi kochepa, n'kuiika pambali.

"Tsono kuti tisalakwitsenso, ndiuzeni. Topulinki yakaleyo, kuchokera pakati pa bowo ili kufika pakati pa bowo linalo, inali yaitali bwanji mukaifupikitsa mpaka pothera? Nanga mukaitalikitsa?"

Injiniya anatulutsa mphira m'thumba monyadira. "Muyeso ndi uwu."

Mai Emmie anaigwira uku ndi uku. Anaikoka, mfundo inapita kutali. Anaisiya, inabwerera. Anaikokanso.

"Muyeso wake uti pamenepa, a Injiniya?"

"Zimatengera mphamvu za munthu, mayi."

"Tamverani. Mumayamba mwamangirira pulawo, n'kuikhazika bwino pamalo osalala. Mukatero mumayeza ndi tepi kuchokera pa pini ya thirakitala kufika pa pini ya pulawo. Topulinki yoyenera ndi imene muyeso umenewo ukugwera pakatikati, kuti ikhale ndi kofupikira komanso kotalikira. Kenako pini. Tiana ta mathirakitala timavala pini ya mamilimita 19. Iyi mwanyamulayi bowo lake ndi la 25, ya zimathirakitala za pa esiteti. Mukanati muyikakamize, ikanathyola zinanso kumbuyoko."

Ernest anayang'ana Injiniya. Injiniya anayang'ana botolo lake.

"Ndimadziwa zonsezo," anatero. "Ndimafuna ndione ngati inu mukuzidziwa."

"Zikomo pondiyesa. Tsono pa kusinthitsa pali lamulo. Lembani maina anu apa, mudzi ndi mfumu, musayinenso."

Anawapatsa pepala. Ernest analemba. Mphepo analemba, n'kuwonjezera nambala ya foni kuti mwina mayiwo adzafuna kabaza. Injiniya analemba dzina lonse, kutsogolo kwake n'kuikako "Inj.", ndipo siginecha yake inadya theka la pepala.

"Mwini thirakitala ndani?"

"A Benjamin a ku Lisasadzi," anayankha Mphepo Ernest asanamutsine.

"Aa, a Benjamin! Pulawo yawo anagula muno. Dikirani ndiwafunse chinthu chimodzi chotsala."

Mai Emmie anaimba, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Kumbali inayo kunkamveka kwaya ya ukwati ikuyeserera.

"A Benjamin, pepani kukusokonezani. Kodi thirakitala yanu ili ndi polumikizira mapaipi a haidiroliki kumbuyo?"

"Ilibe, mayi. Ndinagula yopanda zimenezo dala. Bwanji kodi?"

"Ndili ndi akamwini anu pano. Akufuna topulinki ya haidiroliki."

A Benjamin anachoka pafupi ndi kwaya ija, mawu awo n'kumveka bwino.

"Ernest, uli pomwepo?"

"Ndili pano, bambo. Mwaswera bwanji? Ukwati ukuyenda?"

"Topulinki yanga yatani?"

"Ili bwino, bambo. Kungoti tsopano ili pawiri."

A Benjamin anapuma mpweya wautali womwe unamveka sitolo yonse. "Mai Emmie, munthu ameneyo mundisungire pabwino. Ndikubwera mawa ndi mkazi wake, adzafotokoze pamaso pa tonse awiri. Ine ndikhoza kumukhululukira. Za mwana wangayo sindikulonjeza."

"Posungira papezeka kale," anayankha Mai Emmie.

Pakhomo panali pataima apolisi awiri, omwe analandira uthenga wa pafoni uja. Mphepo, munthu wa liwiro, anathamangira khomo lam'mbali, koma analipeza lokhoma ndi loko watsopano, ndipo anabwerera yekha kudzamaliza botolo lake. Wapolisi wamkulu analandira pepala lija, n'kuliwerenga mosangalala.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili pa ntchito, sindinaonepo mbava zodzilembera zokha. Mpaka mudzi ndi mfumu! Inj. Lucious ndi uti?"

Injiniya anakweza dzanja, ndipo wapolisiyo analilandira n'kuliveka unyolo, mbali inayo n'kuveka Mphepo. Unyolo unalira kuti kete kete kete.

"Bwana, wathina uwu," anadandaula Injiniya. "Palibe wokulirapo?"

Wapolisi anauyang'ana bwinobwino, n'kuugwedeza pang'ono.

"Wakukwanani ndendende, a Injiniya. Ndipo kwathu kuno sitisinthitsa."