Sabata Imene Ndinabisa Belu la Sukulu

Lolemba

Lero ndayamba. Ana a Fomu 3 atopa ndi kukopera manotsi a Bayoloje, inenso ndatopa ndi kuwaona akusinza. Ndiye sabata ino akhala apolisi ofufuza milandu.

Pulani ndi iyi: belu la sukulu "labedwa". Ahedi avomera, bola libwerere Lachisanu. A Mbewe, mphunzitsi wa Masamu, avomera kukhala wakuba wathu. Asiya chidindo cha chala pawindo la ofesi, apondanso nsapato pamchenga. Belulo ndalibisa ndekha m'thumba la mpunga lomwe ndalipeza m'chipinda cha makasu ndi matsache. Palibe angaganizeko.

Ana akondwa. Ngakhale Yamikani, amene amagona kuyambira piriyodi yoyamba, wafunsa funso. Njira imeneyi masukulu ena adzabwera kudzaiphunzira kwa ine.

Lachiwiri

Zidindo za zala. Zipangizo: makala osinja, selotepi, nthenga ya nkhuku m'malo mwa burashi.

Vuto ndi kutentha kwa kuno ku Mtakataka. Chala chikutuluka thukuta usanachidinde n'komwe, zidindo zonse zikuoneka ngati mbatata. Malaya a yunifolomu ada bii. Chidindo cha a Mbewe pawindo chafufutika ndi zigongono za ofufuza, ndipo pomwe anaponda paja padutsa mbuzi.

Popanda belu, mphunzitsi wa Chingerezi wadya piriyodi ya mnzake mpaka buleki. Ahedi akuyenda ndi wenzulo ya mpira m'khosi.

Zazing'ono izi. Tadala, mtsogoleri wa ofufuza, akuti wapeza chidindo chooneka bwino pachitseko china. Sakunena kuti chitseko chiti. Mwana ameneyu adzafika patali.

Lachitatu

Za kutengera kwa makolo. Ndawauza kuti wakubayo amatha kupinda lilime ngati chitoliro, ndipo zoterezi zimayenda m'majini amene timalandira kwa bambo ndi mayi. Ndawaonetsa ndi lilime langa.

Azungulira sukulu yonse kupempha aphunzitsi kuti atulutse malilime. Ahedi akana. Ana awaika patsogolo pa oganiziridwa.

Homuweki: akaone malilime a kunyumba. Chiyambire ntchito sindinaphunzitsepo bwino chonchi.

Lachinayi

Alendo awiri ndisanalowe ndi m'kalasi momwe.

Oyamba ndi malume a Amina wa m'kalasi mwanga, achokera ku Golomoti. "Mwamuuza mwana kuti ali ndi majini m'thupi. Anamuika ndani?" Ndafotokoza kuti majini a sayansi si ziwanda, tonse tili nawo, ngakhale iwowo. Mawu omalizawo ndikanangowasiya.

Achiwiri ndi bambo a Yamikani, panjinga, akulankhula motsitsa kwambiri. "Ine sindipinda. Mayi ake sapinda. Mwana akupinda. Aphunzitsi, nenani chilungamo." Akuti kunyumba sakulankhulana chiyambire dzulo, ndipo akazi awo awauza kuti ngati akukayika alongedze, poti pamudzipo iwo ndi mkamwini.

Ndawauza zoona zake: lilime si umboni, buku limangofupikitsa nkhani, ena amachita kuphunzira. Sanakhulupirire. Ndawatengera pagalasi la njinga yamoto ya ahedi, ndawaphunzitsa ngati mwana wa Sitandade 1. Tayesa, tayesa, dzuwa likutiwotcha. Apinda! Pang'ono chabe, koma apinda. Abwerera akuyeserera m'njira, njinga ikupita uku ndi uku.

Lero ndapulumutsa banja. Amene anayatsa motowo tisamufufuze.

Lachisanu

Tsiku la chigamulo. Tadala waima kutsogolo, nkhope ili gwaa. Umboni wake: chidindo cha pachitseko cha chipinda cha makasu chikufanana ndi chomwe ndinadinda pabolodi ngati chitsanzo, lilime ndimapinda, anaona okha, komanso "pasukulu pano ndi okhawa amene sakudandaula za belu."

Kalasi yonse yagwirizana kuti wakuba ndine. A Mbewe aseka mpaka misozi, osanditeteza ndi liwu limodzi lomwe.

Sayansi yake ndi yolondola, ndampatsa malikisi onse. Kenako ndawatsogolera kuchipinda kuja kuti nditulutse belu, tiseke limodzi.

Thumba kulibe.

Mpunga uja unali wa adeputi hedi, wa kumunda kwawo ku Bwanje. Anaukweza minibasi Lachitatu kupita kwa mlongo wawo ku Balaka, osamasula.

Ahedi angoti, "Lolemba ndikufuna kumva belu." Ndati alimva.

Loweruka

Ku Balaka. M'minibasi ndakhala pakati pa dengu la usipa ndi bambo wonyamula batire.

Mlongo wa adeputi ndi munthu wabwino, wandipatsa thobwa. Belu analipeza. Anaganiza kuti ndi mphatso yochokera kwa achimwene, ndiye analipereka kutchalitchi kwawo, komwe akhala akuitanira anthu ndi khasu. Akulu a mpingo alipempherera kale. Ndapita kukawaona. Akuti chinthu chopempherera sichituluka wamba, komiti ikambirana mwezi wamawa.

Pobwerera, tili pa Golomoti, kondakitala wandiyang'anitsitsa. "Si inu aphunzitsi a belu aja?" Amayi awiri afungatira zikwama zawo.

Lamulungu

Ndapempha rimu yakale ya galimoto kwa owotcherera zitsulo, ndaipachika pamtengo wa mango kutsogolo kwa ofesi. Ikulira ngati ndowa yobowoka, koma ikumveka mpaka kumsewu. Ahedi sananene kuti belu lake likhale lotani.

Potuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire wandikokera pambali, khanda lili m'manja. "Aphunzitsi, tamuonani makutu awa. Ndi a mwana wanga wamwamuna amenewa?"

Ndati ine tsopano ndikuphunzitsa za zomera basi. Akuti palibe vuto, abwera mawa kusukulu, atenga ndi mayi wa khandalo yemwe.

Ndasita malaya.